Chaka Chimene Ndinaweta Tizilombo

Ana anga, ndisanayambe ndikupatseni mboni, chifukwa amayi anu akhala akukuuzani kuti nkhani zanga zimanenepa chaka ndi chaka ngati nkhumba ya m'khola. Mboni yoyamba ndi a Jailosi, amene ankaphika pasukulu ya sekondale yogonera komweko kufupi ndi Nathenje. Ali moyo, koma makutu anatseka, ndiye chilichonse chimene mungawafunse amayankha kuti "eya", ndipo kwa ine umenewo ndi umboni wokwanira. Yachiwiri ndi a Mbewe, adokotala a pachipatala chathu chaching'ono. Iwowa anatsogola, koma anali munthu wodana ndi bodza, moti ndikanama pano sandisiya ndigone. Yachitatu ndi Fanuelo mwini nkhani, yemwe lero ndi bambo wa dazi. Yachinayi ndi ng'ombe ya mkaka dzina lake Sikono. Imeneyi inadyedwa paukwati, koma amene anaidya alipo ambiri.

1974, Mitundu

Ntchito yanga yoyamba inali yophunzitsa Sitandade 8 pasukulu ina ya pulayimale ku Mitundu. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, malaya awiri ndi mtima wodziyesa wanzeru kuposa boma lonse la Lilongwe. Ana a m'kalasi mwanga ena anali ndi ndevu. Mmodzi ankandibwereka lezala. Masiku amenewo malo a ku sekondale anali ochepa, ndiye munthu ankabwereza kalasi imodzi mpaka desiki kumudziwa dzina.

Pakati pawo panali mnyamata wamtali, wofatsa, dzina lake Lekisoni, yemwe ankabwereza kachitatu. Ankabwera kusukulu atavala chipewa cha mlaza chifukwa ankayamba wapita kudimba. Tsiku lina analephera samu yomwe ndinali nditaifotokoza kanayi, ndipo ine, pofuna kuseketsa kalasi, ndinati, "Iwe Lekisoni, mutu wakowu Mulungu anaulenga kuti uzinyamula chipewa basi." Kalasi inaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Nanenso ndinaseka. Lekisoni anangoyang'ana pansi. Teremu yotsatira sanabwerenso. Ndinamva kuti wakwatira ndipo akulima fodya. Mawu ajawo ine ndinawaiwala dzuwa lisanalowe. Sungani dzina limeneli, tikumana nalonso.

1994, Nathenje

Nditazungulira m'masukulu angapo ndi kupita kukawonjezera maphunziro, ananditumiza ku sekondale ya anyamata kufupi ndi Nathenje. Masana ndinkaphunzitsa, koma udindo wanga waukulu unali wa bodingimasitala, kutanthauza kuti ndinali woyang'anira kugona, kudya ndi kudwala kwa ana a eni. Udindowu unkabwera ndi nyumba ya malata yokhala ndi mpopi panja, nyumba yabwino kuposa zonse zimene amayi anu anali atakhalamo.

Chinali chaka cha chisankho cha zipani zambiri, ndipo demokalase inafika pasukulu pathu isanafike ku maofesi a boma. Mwana ukamuuza kuti asese, ankakufunsa ngati nkhaniyo yavoteredwa. Nyemba zikachedwa, mawindo ankasweka. Nyembazo nazo zinali ndi anankafumbwe ochuluka mwakuti zinkayenda zokha kuchoka kusitolo kupita kukhitchini. A Jailosi ankangozitsegulira chitseko. Izi ndinaziona ndi maso anga ndipo sindichotsapo kanthu.

Mphunzitsi wamkulu anali a Msampha, munthu wabwino koma wamantha, yemwe ankaopa zinthu ziwiri: makalata ochokera kulikulu ndi matenda otsekula m'mimba. Dzinja la chaka chimenecho kolera inamveka m'midzi ina, ndipo iwo anakhazikitsa lamulo lakuti chakudya chakunja chisalowe pasukulu, ndi kuti chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana chiyambe chawira. A Jailosi lamuloli analilandira ngati Malemba. Ankawiritsa madzi, ankawiritsa masipuni, ndipo tsiku lina ndinawapeza akuyang'anitsitsa nthochi mokayikira.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandizunguza mutu. Mayeso a Fomu 4 akamayandikira, mzere wa kuchimbudzi unkatalika, ndipo oima pamzerewo anali a Fomu 4 okhaokha. A Fomu 1 ankadya nyemba zomwezo, kumwa madzi omwewo, koma ali gwa, kuthamanga ngati mbuzi. A Fomu 4 ankadandaula m'mimba, mutu, kusowa tulo, kupsa mtima ndi zilonda za m'kamwa, ndipo chimfine chikabwera chinkayambira kwa iwo. Mayeso akangotha, onse ankachira tsiku limodzi popanda jakisoni. Ndinkadzifunsa kuti kodi mayeso amalowa bwanji m'matumbo, popeza amalembedwa ndi dzanja? Aphunzitsi anzanga ankati ndi ulesi. Koma waulesi sathamangira kuchimbudzi kasanu ndi kawiri asanamwe tiyi.

Meyi 1995

Fanuelo anali mnyamata wa Fomu 4, wanzeru kwambiri pa masamu, wosalankhulalankhula. Kuyambira pa Pasaka anayamba kuonda. Akadya, m'mimba mwapotokola. Akapanda kudya, chizungulire. M'kalasi ankangokhala ndwii, ndipo ukamufunsa funso ankanjenjemera milomo ngakhale yankho akulidziwa. Anaonda mwakuti tsiku lina mphepo itawomba tinamupeza kuseri kwa laibulale asanaganize zopitako. Anzake anayamba kunong'onezana za matenda aja amene masiku amenewo anthu sankawatchula dzina, ndipo woyandikana naye bedi anasamuka. Mayeso anali atatsala milungu isanu ndi umodzi.

Lachisanu lina a Msampha anandiitana muofesi.

"A Kamdambo, mnyamata uja Lolemba akwere minibasi. Akadwalire kwawo."

"Nanga mayeso, bwana?"

"Mayeso amabwera chaka chilichonse. Maliro a mwana wa mwini pasukulu pano sindikuwafuna ngakhale kamodzi."

Tonse tinkadziwa kuti mwana wa kumudzi akapita kwawo nthawi ngati imeneyo sabweranso. Akulankhula choncho, a Msampha anatsegula dirowa, natulutsa kabotolo, n'kumeza kapisozi mmodzi wopanda madzi. Ine chidwi changa sichidziwa nthawi yoyenera, ndiye ndinafunsa kuti ndi mankhwala anji.

"Si mankhwala awa," anatero monyadira. "Alamu anga anabwera nawo kuchokera ku Joni. M'kapisozi aliyense muli tizilombo tamoyo, miyandamiyanda. Timakhazikitsa m'mimba, ndipo akuti timakhazikitsanso mtima. Chiyambire matipate ine ndimadalira timeneti."

"Bwana, inu amene mumatiwiritsitsa masipuni, mukumeza tizilombo dala?"

"Iti ndi tophunzira," anatero, natseka dirowa.

Ndinawapempha kabotoloko kuti ndikaonetse adokotala, ndipo anandibwereka monyinyirika. Madzulo ake, pokonzekera kulemba kalata yopita kwa makolo, ndinatsegula faelo ya Fanuelo. Mudzi wake unali wa ku Mitundu. Dzina la bambo ake linali Lekisoni. Ndinakumbukira mnyamata wamtali wa chipewa cha mlaza, ndipo ndinati mumtima, taonani, mwana wa wophunzira wanga wakale. Za mawu aja sindinakumbuke n'komwe.

Loweruka ndinamukweza Fanuelo panjinga kupita naye kwa a Mbewe. Anamuyeza malungo, njoka za m'mimba, magazi, chifuwa, namutumizanso kuchipatala chachikulu cha mishoni tsiku lomwelo kuti akamuonenso. Sanapeze kanthu. Titabwerera, a Mbewe anamutuma mnyamatayo kukakhala pakhonde, natsala ndi ine.

"Aphunzitsi, mwanayu matenda amene ndingawabaye jakisoni alibe. Ali ndi nkhawa."

"Nkhawa imakhala mumtima, adokotala. Uyu akudwala m'mimba."

"Inu tsiku lopita kukaonekera kwa akuchikazi, m'mimba munali bwanji?"

Tsiku limenelo, ana anga, ndinapatukira kuthengo katatu pakati pa Mitundu ndi kwawo kwa amayi anu.

"Mutu ndi mimba zimatumizirana uthenga," anapitiriza. "Mutu ukasokonezeka, mimba imamva. Ena amati mimbanso ikakhala bwino, mutu umapepukidwa, koma pamenepo sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wosadya, wosagona, asilikali a m'thupi mwake amafooka, ndiye kachimfine kalikonse kamamugwetsa."

Ndinawaonetsa kabotolo ka a Msampha. Anawerenga chizindikiro chake atavala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena. Anati n'zoona, m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya, ndipo makapisoziwo amapangidwa kuti awonjezere timeneto. Kenako anafunsa kumene a Hedi amasunga botololo. Ndinati m'dirowa, muofesi ya malata yopanda siling'i, kuyambira Okutobala.

"Apa alemba kuti lizikhala mufiriji," anatero. "Abwana anuwo akumeza manda."

Anati ngati ndikufuna tizilombo tamoyo ndisavutike ndi za ku Joni, popeza abale ake a timeneti ndi amene amasandutsa mkaka kukhala chambiko. Anandipatsa malangizo momveka bwino. Mkaka watsopano uwire kaye kuti zoipa zife. Uzizire mpaka chala chizipirira. Muthiremo kapu imodzi ya chambiko chabwino ngati mbewu, muvundikire mumtsuko mpaka mawa. Ukatero usawirenso, chifukwa moto umapha tabwino ndi toipa tomwe. "Sindikulonjeza kuti achira nacho," anatero. "Koma ndi chakudya, ndipo sichingamupweteke. Akayamba kutentha thupi kapena kuona magazi, mubwere naye msanga. Komanso mufufuze chimene chikumudya mwanayu."

Mawu omalizawo sindinawasamale. Mutu wanga unali utadzaza tizilombo.

Lolemba minibasi zinadutsa pamsewu wa Nathenje monga mwa masiku onse, makondakitala akukuwa, koma Fanuelo sanakwere. Ndinapita kwa a Msampha ndi kuwauza kuti sindimutumiza. Sindinakhalepo munthu wolimba mtima, ana anga. A Hedi anavula magalasi.

"Mukukana lamulo langa?"

"Ndikupempha milungu itatu, bwana. Akapanda kusintha ndikamutula ndekha."

"Nanga chambikocho si chakudya chakunja?"

"Chilowa ngati mkaka, bwana, ndipo chiwira m'khitchini mwathu. Chambiko chibadwira pasukulu pompano."

Kenako anandipatsa pepala kuti ndilembe ndi dzanja langa kuti chilichonse chochitikira mwanayo chili pamutu panga, ndipo zikavuta ndidzatula pansi ubodingimasitala ndi kutuluka m'nyumba ya sukulu. Ndinasaina. Za manda a m'botolo sindinawauze. Munthu sumulanda ndodo ali pakati pa mtsinje. Nditafotokozera amayi anu, anayang'ana mpopi uja pawindo, nati, "Ndiye mwasinthanitsa nyumba ndi mkaka wowawasa?" Anakhala masiku awiri akundipatsa moni wa alendo.

Juni 1995

Mkaka tinaupeza kwa mayi Nankhoma, mlimi wa kuseri kwa sukulu, mwini wake wa Sikono. Tinagwirizana kuti ife tizimupatsa madeya a kuchigayo cha sukulu, iye azitipatsa mkaka wa madzulo. Mbewu ya chambiko anatipatsanso yemweyo. Ndinapita nazo kwa a Jailosi ndi kufotokoza zonse monga anandiuzira adokotala. Anamvetsera atapinda manja.

"Aphunzitsi, ndifunse. Mwati muli tizilombo?"

"Tabwino, madala."

"Mwationa?"

"Sitioneka ndi maso."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti n'tabwino? Munthu amene, woona nkhope yake, umakhala naye zaka khumi osamudziwa."

Ndinawauza kuti ndi mawu a dokotala. Anati chabwino, iwo ndi wantchito chabe.

M'mawa uliwonse belu lisanalire, Fanuelo ankapita kuseri kwa khitchini kukalandira kapu yake. Chambikocho chinkaoneka chachilendo, cha mibulumibulu, madzi ali pamwamba. Nditafunsa, a Jailosi anati ndi mmene chimakhalira chambiko cha ng'ombe yachizungu. Sanalole kuti mnyamatayo achoke ndi kapu, poopa kuti isowa, ndiye ankamwera pomwepo atakhala pachipika, iwo akusankha nyemba ndi kumusimbira za ku migodi kumene anagwirako ntchito ali mnyamata. Ine ndinagula kope n'kuyamba kulemba zonse: wadya zingati, wapita kangati kuchimbudzi, waseka kapena sanaseke. Sabata yoyamba panalibe kusintha. Sabata yachiwiri anamaliza mbale ya phala, ndipo tsiku lina ndinalemba kuti "wamwetulira, mbali imodzi".

Chidwi chinandikulira. Ndinaganiza zoyesa bwinobwino: hositelo imodzi ya Fomu 4 izimwa, inayo isamamwe, tione kusiyana. Nzeru imeneyi inakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu a hositelo yosamwa anabwera pakhomo panga ndi nthambi za mitengo, akuimba, mtsogoleri wawo atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti tizilombo ndi ufulu wa aliyense. "Sala," anatero, "nthawi yokondera inatha chaka chatha." Ndinayang'ana mawindo a nyumba yanga, n'kuvomera. Kuyambira pamenepo Fomu 4 yonse inkalandira theka la kapu, ndipo mayi Nankhoma anachita kuitana anzake awiri a ng'ombe. Kafukufuku wanga anafera pomwepo, anaphedwa ndi demokalase.

Chinthu chimodzi m'kopemo sichinkamveka. Fanuelo ankakhala bwino Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, koma Lachinayi lililonse ankabwerera m'mbuyo. Ndinafufuza ngati Lachinayi timaphika zosiyana. Ayi, nyemba zinali zomwe zija zoyenda zokha. Ndinafika poganiza kuti tizilombo timapuma Lachinayi.

Lachisanu lina m'mawa ndikupita kukaona nkhuni, ndinamva mawu kuseri kwa khitchini, ndipo ndinaima pakona. Fanuelo ankawerengera a Jailosi kalata yochokera kwa bambo ake. Makalata pasukulu pathu ankagawidwa Lachitatu madzulo.

"Akuti, 'Mwana wanga, usandichititse manyazi. Ine anandiuza pamaso pa anthu kuti mutu wanga ndi wonyamulira chipewa basi. Amene ananena mawuwo ali pasukulu pako pomwepo, amakuona tsiku lililonse. Umuonetse kuti magazi athu si opusa. Ukalephera, ndiye kuti ananena zoona.'"

"Amalemba zomwezi sabata iliyonse?" anafunsa a Jailosi.

"Sabata iliyonse, agogo. Ndiye ndikangowaona a Kamdambo akubwera ndi kope lawo lija kudzandifunsa za kuchimbudzi, m'mimba mumayamba."

"Hmm," anatero a Jailosi. "Imwa, chizizira."

Mawu akuti "chizizira" ndinawamva, koma sanandilowe, chifukwa maganizo anga onse anali pa kalatayo. Zaka makumi awiri ndi chimodzi nthabwala yanga inali ikuyenda, kuchoka m'kamwa mwanga, kukhala mumtima mwa Lekisoni, kukwera basi m'envelopu, mpaka kudzafika m'matumbo a mwana wake. Ine n'kumafunafuna kachilombo ndi kope, kachilomboko katavala tayi yanga.

Lamulungu ndinapalasa njinga kupita ku Mitundu, kudzera njira zachidule za fumbi. Ndinamupeza Lekisoni pachigafa akusankha fodya wotsalira, atavala chipewa, imvi zitayamba. Anandizindikira ndisanatsike.

"Aphunzitsi. Kwagwanji? Mwana uja?"

"Mwana ali bwino. Ndabwera ndi mlandu wanga."

Anandipatsa mpando, iye nakhala pathumba. Ndinamuuza kuti mawu ndinanena aja anali achitsiru, kuti samuyo ndine ndinalephera kuiphunzitsa, ndipo ndinapepesa. Anatenga tsamba la fodya, naliwongola pabondo.

"Mukudziwa, aphunzitsi, pa okushoni sanandiberepo ngakhale kamodzi. Masamu a mabelo ndimawerengera anzanga onse a m'mudzi muno."

"Ndikukhulupirira."

"Ndimafuna mudziwe basi."

"Ndadziwa, bambo. Koma mwanayo musamutume kukamenya nkhondo yanu ndi ine. Nkhondoyo mwapambana kale. Iye akungoonda."

Pochoka anandipatsa chinangwa, nandiperekeza mpaka pamsewu. Lachitatu lotsatira kalata inabwera ya mizere iwiri. Fanuelo anaionetsa a Jailosi, a Jailosi anandiuza ine: "Lemba zimene ukudziwa. Ukakhoza ndiwe mwana wanga, ukalephera ndiwe mwana wanga." Kope lija ndinalitsekera m'kabati, ndipo ndinasiya kufunsa mwana wa mwini za kuchimbudzi.

Milungu itatu itakwana a Msampha anamuitana Fanuelo, namuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati mbuzi ya pamsika. Masaya anali atayamba kubwerera. Sananene kanthu za minibasi. Kumapeto kwa mwezi chimfine chinalowa pasukulu ndi mphepo ya chisanu. Chinagwetsa a Fomu 2 ambiri, a Fomu 4 angapo ngakhale ankamwa chambiko, ndi ine amene, ndinagona masiku anayi ndikuyetsemula mpaka kalendala kugwa pakhoma. Fanuelo sichinamukhudze. Ndili chigonere ndinati, basi, tizilombo tagwira ntchito, ndipo ndinayamba kulingalira zolemba kalata kuunduna kuti sukulu iliyonse ikhale ndi ng'ombe.

Julaye 1995

Fanuelo analemba mapepala ake onse. Tsiku loyamba anapempha kutuluka kamodzi, masiku enawo anakhala mpaka belu. M'mawa wa pepala lomaliza ndinalawira kukhitchini kuti ndikathokoze a Jailosi. Ndinapeza mtsuko wa chambiko uli pambali wopanda kanthu, ndipo pamoto pali m'phika waukulu ukubwadamuka. Fungo lake linali lowawasa.

"Madala, n'chiyani ichi?"

"Chambiko cha ana."

"Mukuchiwiritsa?"

"Eya."

"Lero lokha?"

"Masiku onse. Madzulo ndimawiritsa monga munanenera, ndithira mbewu, ndivundikira. M'mawa ndipatula ka mbewu ya mawa, kenako chotsalacho ndiwiritsanso."

"Koma ndinati chisawirenso! Mwapha tizilombo tonse!"

"Ndiye cholinga chake," anatero, akutakasa modekha. "Aphunzitsi, ine ndaphikira ana a eni zaka makumi awiri, sindinaikepo mwana m'manda. Boma lakhala likutiuza pawailesi kuti wiritsani, wiritsani. Lero mubwere inu ndi kope kuti ndimwetse ana tizilombo tamoyo, poti dokotala wati n'taulemu? Tikafika m'mimba n'kusintha maganizo, mudzatitulutsa ndinu?"

Ndinakhala pachipika cha Fanuelo chija. Milungu isanu ndi umodzi ndinali nditaika nyumba yanga pachiswe chifukwa cha tizilombo timene sitinafike n'komwe pakhosi pa mwanayo tili moyo. A Hedi ankameza manda a ku Joni, ife tinkamwetsa ana manda a pa Nathenje.

Nditawauza a Mbewe anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona ngati wina wakomoka. Atapukuta misozi ndinawafunsa kuti nanga chamuchiza mwanayu n'chiyani. Anawerenga pa zala. Mwina mkaka wokha, poti mwana wodya nyemba zofumbwa akapeza mkaka tsiku lililonse thupi limathokoza. Mwina chipika chija, kukhala ndi munthu womumvetsera m'mawa uliwonse. Mwina kalata ya mizere iwiri. Mwinanso ngakhale tizilombo takufa tili ndi kantchito kake, iwo sakudziwa. "Mwasakaniza mankhwala anayi mumphika umodzi, aphunzitsi. Simudzadziwa."

Ndipo sindinadziwedi. Chaka chotsatira tinapanga chambiko chamoyo, ndikuima ndekha pamtsuko ngati mlonda. Ana ena anati chikuwathandiza m'mimba ndipo akugona bwino, ena sanaone kusintha, mmodzi chinamutsekula. Mzere wa kuchimbudzi unafupika, koma chaka chimenecho tinasinthanso wogulitsa nyemba. Masiku ano ndikuona inu mukugulira adzukulu anga timabotolo ta m'mafamase nthawi ya mayeso, mukuti timachotsa nkhawa ndi kulimbitsa thupi. Sindikutsutsa, ndipo funsoli likundisangalatsabe mpaka lero. Funsani adokotala, sungani botolo pamene alemba kuti lisungidwe. Koma mwana akamadwala Lachinayi lokhalokha, mufufuzenso chimene chimafika Lachitatu.

Zotsatira zitatuluka

Dzina la Fanuelo linali pa mndandanda wa okhoza, ndipo pa masamu panalibe womuposa pasukulu pathu. A Msampha anandibwezera pepala ndinasaina lija, nati ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti tizilombo sitinama. Amayi anu analing'amba n'kuyatsira mbaula.

Patapita masiku angapo, Loweruka masana, ndinamva belu la njinga pakhomo. Anali Lekisoni, fumbi la ku Mitundu lili mpaka m'nsidze, Fanuelo ali pambuyo, pakaliyala atamangapo chigubu. Anati ndi chambiko cha kwawo, chenicheni, chosawiritsa kawiri, chifukwa mwana anamuuza nkhani yonse. Tisanamalize kulonjerana, a Jailosi, amene ankadutsa ndi nkhuni, anatula mtolo, namasula chigubu chija mwaulemu, n'kuyamba kulowera nacho kukhitchini. Fanuelo anawathamangira akukuwa, "Agogo, chimenecho ayi!" Anakagwirana pakhomo la khitchini, wina kukoka uku, wina uku.

Ine ndi Lekisoni tinatsala awiri. Iye anavula chipewa chake, chatsopano, cha mlaza wolukidwa bwino, nachigwira ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, ichi ndakutengerani inu. Ine ndachinyamula mokwanira."

Ndicho chipewa chimene mumandiseka nacho ndikamapita kudimba, chimene amayi anu ayesa kuchitaya katatu. Ndinachivala pomwepo, Lekisoni akuyang'ana. Chinandikwana ndendende, ngati anachita kuyeza.